Mtsikana wokana amuna uja ankafuna chiyani?

Agogo anga, amayi awo a mayi anga, ankakamba nthano atatambalala pa mphasa, manja ali kalikiliki kutongola chimanga m'lichero. Kumeneko kunali kwathu ku Ntcheu, pa tchuthi chachitali, pamene ana a m'tauni tinkatumizidwa kumudzi kuti tikadziwe abale. Iwo akati "Padangokhala," ife tonse kukhosi kumodzi, "Tili tonse!" Utsi wa zitsononkho unkatilowa m'maso koma panalibe wosuntha.

Nthano imene ankaibwereza kawirikawiri inali ya mtsikana wokana amuna. Ambirife tikuidziwa, ngakhale mudzi uliwonse uli ndi kakambidwe kake. Mtsikana wokongola, anyamata a m'mudzi akubwera kudzafunsira mbeta, iye onse akuwakana. Uyu ndi wamfupi, uyu mapazi ake ndi ong'aluka, uyu sindikumufuna basi. Kenako kukutulukira mlendo wosalala, wovala bwino, wosadziwika kwawo, ndipo mtsikana uja akulola tsiku lomwelo. Akunyamuka ulendo wa kwawo kwa mwamunayo, kamlongo kake kodwala maso, kamene iye ankakanyoza, kakuwatsatira chapatali. Usiku kamnyamatako kakuona zoopsa: mlamu wake wasanduka fisi, waitana anzake, akuvina mozungulira nyumba podikira kuti nyama inone. Ndi kamnyamata komweko kamene kakupulumutsa mlongo wake, ndipo iye akubwerera kumudzi nkhope ili pansi.

Agogo akamaliza, maso awo ankagwera pa ife atsikana. "Mwamva inu? Kusankhasankha kudakwatitsa munthu kwa fisi." Anyamata ankapita kukagona akudzimva ungwazi, ife tikumva ngati tapalamula mlandu umene sitinaudziwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi, ndipo funso limene linkandivuta m'kamtima ndinalibe mawu olifunsira. Ndinadzawapeza mawuwo nditakula. Mtsikana uja, pamene ankakana amuna onse aja, iyeyo ankafuna chiyani? Nthanoyo imatiuza zimene ankakana. Imatiuzanso chilango chimene analandira. Koma palibe pamene wina anamukhazika pansi n'kumufunsa. Kaya ankafuna kuona kuseri kwa phiri, kaya ankafuna kukhala kaye kwa amayi ake zaka zina ziwiri, kaya ankangofuna kuti asiyidwe, nthano ilibe nazo ntchito.

Funso limeneli ndayenda nalo m'mabuku onse amene ndawerenga kuchokera nthawi imeneyo. Anzanga ena akandimva ndikulifunsa amati, "Wayambatu za jenda zako zija." Inde, ndi zomwezo. Sindichita nazo manyazi.

Mabuku anga oyamba a nkhani zopeka anali achingerezi. Bambo anga ankanditenga Loweruka kupita ku laibulale ya National Library Service mumzinda wa Blantyre, ndipo ndinkatuluka ndi mabuku a Enid Blyton, aja a ana anayi ndi galu wawo, amene anayamba kutuluka ku England mu 1942. Mwa ana anayiwo, awiri anali atsikana. Wina, Anne, ndiye ankayala pogona anzake akapita kokazonda mbava, ndiye ankasanja zitini za chakudya m'phanga, ndiye ankatsuka makapu. Winayo dzina lake lenileni linali Georgina, koma ukamuitana choncho sankayankha. Ankafuna kutchedwa George. Tsitsi anameta lalifupi, ankavala kabudula, ankapalasa bwato yekha panyanja, ndipo chilumba chimene ankaseweramo ankachitcha chake.

George ndinamukonda ndi mtima wanga wonse. Muyenera kukumbukira dziko limene ndinkamuwerengeramo. Chinali chaka cha 1989, ndipo m'Malawi munali lamulo la kavalidwe la mu 1973 limene linkaletsa akazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu. Lamulolo linadzachotsedwa mu 1993. Choncho kamtsikana ka kabudula kaja, kwa ine, kanali ngati munthu wochokera kumwezi. Ndinkatseka chitseko cha kuchipinda, n'kuvala kabudula wa sukulu wa mchimwene wanga, n'kuyima pa galasi manja ali m'thumba. Ndimakumbukirabe kukoma kwa matumba aja. Madiresi athu analibe matumba.

Koma taonani mtengo umene George ankalipira. Kuti aloledwe kulimba mtima, anayenera kukana kuti ndi mtsikana. Anyamata aja akafuna kumuyamikira, ankamuuza kuti akufanana ndi mnyamata weniweni, iye n'kusangalala. Ndipo ine, pomukonda George, ndinaphunzira kumupeputsa Anne. Ndinaphunzira kuti ntchito yoyala mphasa ndi kutsuka mbale ndi ya munthu wopanda nkhani. Chonsecho ntchito imeneyo ndi imene amayi anga ankagwira tsiku lililonse kuti ine ndipeze mpata wokhala pakhonde ndi buku. Izi zinanditengera zaka zambiri kuti ndizione. Bukulo linandipatsa makomo awiri okha: ukhale mtsikana wofatsa wosunga msasa, kapena ukhale wolimba mtima koma udane ndi utsikana wako.

Amene anandipepuza pang'ono anali Nancy Drew, wapolisi wodzipangira yekha uja wa ku America amene nkhani zake zinayamba mu 1930. Iye ankavala diresi, ankayendetsa galimoto yakeyake, ndipo chibwenzi chake ndiye chinkatsatira pambuyo. Ndinadzamva nditakula kuti dzina la Carolyn Keene la pachikuto silinali la munthu weniweni, ndipo kuti mabuku ambiri oyambirira analembedwa ndi mayi wina dzina lake Mildred Wirt Benson, amene ankalipidwa madola 125 pa buku, dzina lake osaoneka paliponse. Mtsikana wa m'buku anali mfulu, mayi womulemba anabisidwa kuseri.

Ku sekondale zinthu zinasintha. Ndinali pa sukulu ya atsikana yogonera konko, ndipo kumeneko mfumu ya mabuku inali Mills & Boon. Kampani imeneyi, yosindikiza timabuku ta nkhani zachikondi, inayamba ku London mu 1908, ndipo pofika nthawi yathu timabuku take tinali titafika paliponse pamene Chingerezi chinafika. Kwa ife tinkabwera kudzera kwa azichemwali ogwira ntchito m'tauni, kapena kwa ogulitsa mabuku akale oyalidwa pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe.

Ndikukumbukira kamodzi kamene kanazungulira hositelo yathu teremu yonse. Chikuto chinali chitathothoka kalekale, wina anakakutira ndi pepala la khaki la paketi ya shuga, n'kulembapo "Biology" ndi bolopeni yofiira kuti amatroni asakalande. Masamba anali achikasu, ofewa ngati nsalu, m'makona muli madontho a mafuta a chiponde. Kumapeto kwa kope la mtsikana wina wa Fomu 3 kunali mndandanda wa mayina, ndipo aliyense ankapatsidwa usiku umodzi wokha. Magetsi akazimitsidwa, unkalowa m'bulangete ndi tochi, kapena kukakhala pa chidebe pafupi ndi kumabafa pamene babu inkayaka usiku wonse, udzudzu ukukudya miyendo. Masamba awiri omaliza anali atasowa. Palibe amene anadandaula kwenikweni, paja mathero tonse tinkawadziwa: adzamufunsira ukwati.

Chimene ndikufuna tiyang'ane ndi mwamuna wa m'timabuku timeneti, makamaka takale tija ta m'ma 1970 ndi 1980 timene tinkatipeza ifeyo. Ankakhala wamkulu kuposa mtsikanayo ndi zaka khumi kapena kuposerapo, wolemera, wosaseka. Kawirikawiri anali bwana wake kuntchito. Ankamulankhula mwaukali, ankamugwira dzanja mpaka kusiya zipsera za zala, ankamupsompsona iye akukana. Akamuona akuseka ndi mwamuna wina, nkhope inkachita mdima. Ndiye pa tsamba lachiwiri kuchokera kumapeto zonse zinkamasuliridwa: nkhanza zonse zija chinali chikondi, munthuyo ankangolephera kuchinena. Mtsikana amene anapirira, osathawa, ndiye ankapata mphoto.

Ife tinkawerenga zimenezi m'Chingerezi usiku, masana n'kumazimvanso m'Chichewa. Banja ndi kupirira. Mwamuna wansanje ndiye wachikondi. Mkazi akamati ayi ndiye kuti akuvomera. Ena mpaka ankati kumenya ndi mankhwala a banja. Buku la ku London ndi malangizo a pa bwalo la kwathu zinkagwirizana chimodzi, ndipo mwana wa zaka 15 analibe poti angakasumire.

Ndili ndi zaka 21 ndinakhala pachibwenzi ndi mnyamata amene ankafuna kudziwa kumene ndili ola lililonse. Ndikachedwa pa minibasi, mafunso ankayamba: unakhala ndi ndani pampando, bwanji wanunkhira sopo wina. Tsiku lina pa depoti anandikoka dzanja pagulu chifukwa ndinapatsa moni mnzanga wa kusukulu. Chibangili changa chinaduka, mikanda n'kumwazika m'fumbi. Ndinawerama n'kumatola umodziumodzi, anthu akundiyang'ana, ndipo m'mutu mwanga munali mawu akuti, "Akundikonda kwambiri, n'chifukwa chake." Mawu amenewo sindinawapeke ndekha. Ndinali nditawawerenga kambirimbiri pansi pa bulangete. Sindikunena kuti buku ndi limene linandikoka dzanja. Anandikoka ndi munthu, ndipo mlandu ndi wake. Koma buku linali litandiphunzitsa kale dzina lolakwika la chinthu chimene chinkandichitikira, ndipo zinanditengera chaka china chathunthu kuti ndichitchule dzina lake lenileni n'kuchoka.

Mwina wina anganene kuti amenewo ndi mabuku a azungu, athu achichewa anali bwino. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Nkhani zambiri zachichewa zimene ndinakumana nazo, kaya m'kalasi, kaya m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, kaya m'masewero a pa wailesi, zinali ndi mtsikana mmodzi yemweyo wongosinthidwa dzina. Wanzeru kusukulu, wokongola, koma maso ali ku tauni. Akupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akudzola milomo, akukwera galimoto ya bambo wina wa ndalama. Pofika kumapeto ali ndi mimba yopanda mwini kapena matenda, akubwerera kumudzi ataonda, akugwada pamaso pa makolo. Bambo wa galimoto uja nkhani inkamuiwala pa tsamba lomwelo limene wamutsitsira mtsikanayo. Ndi nthano ya fisi yomwe ija, fisiyo atangovala suti. Ndipo funso la pa mayeso linkakhala lakuti, "Kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani?" Tonse tinkalemba yankho limodzi, n'kukhoza.

Tili Fomu 2, mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa anapezeka ndi pakati. Anali katswiri wa masamu, ndipo ankafuna kudzakhala woyendetsa ndege, chinthu chimene tonse tinkachiona ngati loto la masana koma iye ankachinena nkhope ili gwa. Anamunyamulitsa katundu m'mawa ife tili ku asembule kuti tisamuone. Boma linali litalola kale, kuyambira 1993, kuti mtsikana wobereka azibwerera kusukulu, koma iye sanabwerere. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mmene ifeyo, anzake, tinaikambira nkhani yake usiku umenewo. Tinaikamba ngati nkhani ya m'buku. Tinati anali wothamanga magazi, tinati zinali zoonekeratu. Mathero tinali titawaloweza kale, ndiye tinangomulowetsa mnzathu m'menemo n'kutseka. Za masamu ake palibe anatchula.

Pofika apa mukhoza kuganiza kuti ndikufuna timabuku tachikondi titenthedwe. Ayi ndithu, ndipo chifukwa chake ndi azakhali anga.

Azakhali, alongo awo a bambo anga, ankatayipa makalata mu ofesi ina ku Limbe, ndipo ankakhala ku Ndirande ndi amuna awo ndi ana asanu. Ankadzuka nkhuku zisanalire, kutereka madzi osamba a anthu onse, kuphika phala, kuthamangira basi. Madzulo akaweruka, kumsika, kenako pa mbaula. Amuna awo anali munthu wa mowa ndi wa dzanja lopepuka, ndipo pabanja ponse tinkadziwa koma tinkangoti ndi za m'nyumba. Zonse zikatha, mbale zitatsukidwa, azakhali ankakhala pa kampando ka kukhitchini, kandulo ataimika pa chivindikiro cha botolo, n'kutulutsa kabuku m'chikwama chawo cha kuntchito. Nthawi imeneyo ukawaitana sankamva. Mwana akalira ankati, "Pita kwa achemwali ako, ine ndili pa tsamba." Amuna awo ankadana nato timabukuto kuposa china chilichonse. Ankati timaphunzitsa akazi mwano. Kamodzi anatiponya m'chimbudzi. Mwezi wotsatira azakhali anagula tina.

Nditakula ndinadzakumana ndi kafukufuku wa mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku America, Janice Radway, amene anatuluka mu 1984. Iye m'malo mongoweruza mabuku achikondi ali mu ofesi, anapita kukacheza ndi amayi 42 okonda kuwawerenga m'tauni ina ya chigawo chapakati cha dzikolo, ambiri mwa iwo okwatiwa ndi olera ana. Zimene anapeza zinandikumbutsa kandulo wa ku Ndirande uja. Amayiwo ankati kutenga buku m'manja kunali kuuza a m'nyumba kuti nthawi ino ndi yanga. Munthu amene tsiku lonse wakhala akusamala ena ankawerenga za mkazi amene pamapeto pake wina akumusamala iyeyo. Ndipo sankangomeza chilichonse: mabuku amene mwamuna wake anali wankhanza zopyola muyeso ankawakana. Radway anasiya funso lovuta lili poyera, lakuti kodi chitonthozo chotere chimamupatsa mayi mphamvu zosinthira moyo wake, kapena chimangomuziziritsa mtima kuti mawa apirirenso.

Ine funso limenelo ndimaliyankha ndi azakhali anga, ndipo yankho lake ndi lakuti zonse ziwiri zimatheka mwa munthu mmodzi. Anapirira zaka 19. Kenako tsiku lina anamanga katundu, anatenga ana awiri aang'ono, n'kukachita lendi chipinda chimodzi ku Chilomoni. Sindinganene kuti ndi mabuku amene anawatulutsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka zonsezo panali ola limodzi pa tsiku limene iwo sanali mkazi wa munthu kapena mayi wa munthu, ndipo ola limenelo analiteteza ndi mano. Munthu amene wasunga ola limodzi lakelake sanafe yense. Choncho ndikamva anthu ophunzira, amuna ndi akazi omwe, akunyoza "timabuku ta azimayi," mtima umandipweteka. Nkhani za akazitape ndi mfuti zimene abambo ankawerenga sizinali zanzeru kuposa apa, koma palibe ankaziponya m'chimbudzi.

Azakhali omwewo ndi amene anandipatsa Pacesetters yanga yoyamba. Timabuku timeneti, timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tinali ta olemba a mu Africa muno, ndipo anthu ake ankakwera basi ku Lagos ndi ku Nairobi, ankadya zakudya zonga zathu, ankavutika ndi apongozi ndi malobolo. Akazi ake ambiri anali pa ntchito, anamwino, aphunzitsi, masekeletale ngati azakhali. Tsiku lina anandionetsa chikuto china, chala chili pa dzina la wolemba. "Taona iwe, Gondwe. Ndi wa kwathu konkuno ameneyu, ndiponso ndi mzimayi." Anali Walije Gondwe, amene buku lake loyamba mu mndandandawu linatuluka mu 1985. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti mabuku amalembedwa ndi azungu, ndipo akakhala achikuda ndiye abambo. Usiku womwewo ndinang'amba masamba apakati pa kope langa n'kuyamba kulemba nkhani yanga yoyamba.

Lero mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16 ndipo sadikira mndandanda wa kumapeto kwa kope. Nkhani zake zili pa foni, pa Wattpad ndi pa masamba a Facebook pamene olemba achinyamata amaponya gawo limodzi tsiku lililonse, ena m'Chichewa chosakaniza bwino ndi chilankhulo cha m'misewu. Ndimasangalala kuti ana athu akulemba, ndipo ambiri mwa olembawo ndi atsikana. Koma ndikakhala pansi n'kuwerenga nawo, ndimakumana ndi anthu amene ndimawadziwa kale. Mtsikana wantchito wa m'nyumba wofatsa amene bwana akumukwatira. Mkazi wa bwanayo, wophunzira, wa ntchito yake, amene nkhani yamupanga mfiti chifukwa sakonda kuphika. Apongozi oipa mtima. Mkazi wosabereka. Mtsikana wokonda ndalama amene owerenga eniake amapempha wolemba kuti amulange, ndipo akalangidwa amawomba m'manja.

Za kunja nazo zili ndi zake. Buku lina la achinyamata la ku America la mu 2005, limene linagulidwa mamiliyoni ambiri, lili ndi mnyamata amene amalowa m'chipinda cha mtsikana usiku n'kumamuyang'anitsitsa ali m'tulo iye osadziwa, ndipo bukulo limati chimenecho ndi chikondi. Zimene mwana wanga amakonda masiku ano ndi za amuna amene usiku amasanduka mimbulu, ndipo mtsikana amauzidwa kuti anabadwira mmodzi wa iwo, kukana sikutheka. Nditawerenga imodzi ndinakhala kaye chete. Ndi mlamu uja wa m'nthano ya agogo, wosanduka chilombo usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa agogo chilombocho chinali chilango, kuno chasanduka mphoto. Koma konsekonse moyo wa mtsikana ukupimidwa ndi mwamuna amene wathera naye, ndipo konsekonse palibe wamufunsa.

Sindimulanda foni mwana wanga. Ndinaona zimene kulanda kumachita. Chimene ndimachita ndi kuwerenga naye n'kumufunsa. Pali kayeso kena kosavuta kamene kanatchuka kuchokera m'nthabwala za zithunzi za Alison Bechdel mu 1985. Kanali ka mafilimu koma kamagwiranso pa mabuku: kodi muli akazi awiri, amene akulankhulana, za chinthu china osati mwamuna? Kayesoka sikanena kuti buku ndi labwino kapena loipa, kamangokutsegula maso. Tinayesa pa nkhani ina ya magawo oposa makumi asanu imene iye ankaitsatira. Anafufuza madzulo onse, n'kubwera kukhitchini akuti, "Amayi, ndapeza malo amodzi. Akukambirana za ndiwo." Kenako anaonjeza yekha, "Koma ndiwozo akuphikira mwamuna yemwe uja."

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti akazi a m'nkhani zathu ndi ofooka kuposa akazi amene anatilera. Agogo anga omwe aja, okamba za fisi, anali mwini munda ndi mwini mudzi. Kwathu ndi kwa chikamwini, mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya kuchikazi. Amuna awo oyamba atayamba ulesi ndi mowa, agogo anawaikira khasu ndi mphasa panja, ankhoswe anabwera, nkhani inatha, munthu anabwerera kwawo. Anakhala zaka zingapo okha, akulima, akuweta mbuzi, akuphika mowa wogulitsa, asanalole wina. Mayi amene anakanapo mwamuna ndi manja ake ankatiopseza ife ndi nthano ya mtsikana wokana amuna. Ndikuganiza kuti ankatiopera, podziwa mmene dziko limamuchitira mkazi wotero. Koma nkhani ya moyo wawo ndi imene ndinkafunika kuimva, ndipo ndinadzaimva kwa amayi anga agogowo atamwalira kale.

Nkhani zotere tili nazo zodzaza nkhokwe. Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa ndalama ya K200, anasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 anamangidwa ali ndi khanda la masiku ochepa, n'kulowa nalo m'ndende. Amayi a geni amene amakwera basi usiku wonse kukapikula katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndalama atamangira m'chiuno, amadziwa za m'malire ndi za ziphuphu kuposa kazitape aliyense wa m'buku. Sindikupempha nkhani za akazi oyera mtima okhaokha, kapena zoti chikondi chichotsedwemo. Chikondi ndimachikonda, ndipo nkhani yothera pa ukwati ikhoza kukoma. Ndikupempha kuti mtsikana wa m'nkhani afune kanthu, kaya ndi ndege, kaya ndi munda, kaya ndi mwamuna amene wamusankha yekha, ndipo wolemba asamuthyole mwendo chifukwa chofunacho.

Azakhali tsopano ali ndi zaka za m'ma 70, ndipo maso awo achita ng'ala. Amakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Machinjiri. Mwezi wathawu nditapita kukawaona, anandituma kuti ndikatenge katoni pansi pa bedi. Munali timabuku tawo takale, tina topanda zikuto, tonunkha chinyezi ndi mankhwala a mphemvu.

"Tasankhapo kamodzi undiwerengere. Ana a masiku ano akamawerenga amathamanga ngati akuthawa galu."

Tinakhala pakhonde, iwo atafunda chitenje m'mapewa, ine ndikuwerenga Chingerezi mokweza, pena n'kumamasulira pamene mawu awavuta. Inali nkhani ya sekeletale ndi bwana wake, kwinakwake ku Ulaya kozizira. Ankamvetsera maso ali otseka, milomo ikuyenda pang'ono ngati akudziwa mzere wotsatira. Tinafika pamene bwanayo wamupeza mtsikana akulankhula ndi mwamuna wina pa phwando, wamugwira pamkono mwamphamvu, akumukokera panja.

"Taima kaye," anatero azakhali.

Ndinaima. Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lawo lamanja likusisita mkono wamanzere, pamwamba pa chigongono.

"Kale ndinkati pamenepa m'pokoma," anatero. "Ameneyu amusiye. Ntchito ali nayo, ndalama ya basi ali nayo. Akudikira chiyani?"

"Ndisiye kuwerenga, azakhali? Nditenge kena?"

"Ayi, pitiriza. Ndikufuna ndimve ngati mwana ameneyu achite nzeru."

Mathero ndinkawadziwa, iwonso ankawadziwa. Ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza tsamba.